Nambala Folo ya Atate Anga

Ng'ombe zathu zinatha ndi denkete, matenda aja a nkhupakupa amene anasesa makola kwathu ku Chongwe m'zaka za m'ma 1990. Atate anali ndi ng'ombe zolimira zoti wodutsa pa msewu ankaima kuziyang'ana, koma zinagwa imodziimodzi mpaka goli linangotsala lopachika pa mtengo. Sizinali zathu zokha, khola lililonse linatsala ndi ndowe basi. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unatsamira pa thirakitala imodzi ya kalabu ya alimi. Amene thirakitalayo yamulimira mvula yoyamba itangogwa ndiye ankadya chaka chimenecho. Amene yamufika mochedwa ankakolola mapesi.

Atate anachokera ku Katete ali mnyamata, ine ndisanabadwe. Anapempha malo kwa eni nthaka, anawapatsa, nalima pamenepo moyo wawo wonse. Pamene kalabu inkayamba, iwo anali m'gulu la amene anaumba njerwa za shedi yake ndi manja awo. Lamulo limene oyambitsawo anagwirizana linali losavuta: aliyense ali ndi nambala yake ya umembala malinga ndi mmene analowera, ndipo thirakitala imatsata nambalazo. Atate anali nambala folo. Ankainyadira nambala imeneyi kuposa jekete lawo la kutchalitchi. Amayi ankawaseka kuti tsiku lina akadzafika pa chipata cha kumwamba adzayamba kutchula nambala asanatchule dzina.

Vuto linali makhadi. Nambala zinkalembedwa ndi bolopeni pa timakhadi timene aliyense ankasunga kwawo, ndipo timakhadi ta kwathu tinali ndi matsenga. Wina wagona ali kumapeto kwa mzere, podzuka khadi lanyowa ndi mvula, pouma wapezeka ali kutsogolo. Chaka china anthu atatu anabwera ndi nambala imodzi, aliyense akulumbira pali Mulungu. Anthu opemphera tchalitchi chimodzi ankatukwanizana pa shedi mpaka kutchulana mitundu.

Ndiye chakumapeto kwa zaka zimenezo bungwe lina la kunja, lomwe linathandizanso kugula thirakitala ija, linapatsa kalabu kompyuta. Anaiika m'kachipinda kuseri kwa sitolo ina pa boma, poti kumeneko ndi kumene kunali magetsi. Anafuna munthu wodziwa kutaipa. Ine ndinali nditaphunzira taipilaita ku Lusaka, ntchito osaipeza, n'kubwerera kudzagulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu, choncho anandisankha popanda mkangano. Atandifunsa kuti ndikufuna ndani wondithandiza, ndinatchula mnzanga.

Pamenepa ndimafuna kuti pamveke bwino: ndinamutchula ndine, ndi pakamwa panga, palibe anandikakamiza. Mnzangayu tinakulira limodzi. Tinkatunga madzi pa chitsime chimodzi, kusukulu tinkakhala benchi imodzi, chikwapu cha aphunzitsi tinkachilandira motsatizana. Iye anali wa banja la eni nthaka, ine wa obwera, koma zimenezo tinkazimva kwa akuluakulu chabe. Amayi anga ankamuitana kuti mwana wanga, ndipo mbale yake inalipo m'nyumba mwathu. Pa ukwati wake ndinavina mpaka nsapato inathyoka chidendene. Anakwatiwa ndi mwana wa a tcheyamani a kalabu yathu, bambo wofatsa, womwetulira nthawi zonse, amene sindinawamvepo akukweza mawu.

Wotiphunzitsa anali bambo wina wa ku Lusaka amene ankabwera pa minibasi atamanga tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anatiuza kuti tisathamangire kulemba mayina, tiyambe tamanga kaye tebulo. Ife tinayang'anana, poti tebulo limene tinkalidziwa kompyutayo inali italikhalira kale. Iye ankanena malo osungiramo mayina m'kati mwa kompyuta, okhala ndi mizere yopingasa, munthu aliyense mzere wake, ndi madanga otsika, lina la dzina, lina la mudzi, lina la kukula kwa munda. Danga lililonse unkalipatsa dzina, kenako n'kuuza kompyuta kuti m'menemo muzilowa chiyani, kaya mawu, kaya tsiku, kaya chiwerengero.

Danga loyamba ndi limene anatichedwetsapo. Anandiuza kuti ndilitche kuti nambala. Nditataipa, anandilozera kamuvi kakang'ono pambali pake, ndipo nditakadina panatsika mitundu ingapo yoti ndisankhepo. Dzanja langa linathamangira pa mtundu wa chiwerengero wamba, koma iye analigwira. Anati ndikasankha umenewo ndiye kuti nambala ndizilemba ndine, ndipo chimene walemba munthu, munthu mnzake akhoza kuchisintha. Anandionetsa wina m'munsi mwake, umene kompyuta imapereka nambala yokha, woyamba wani, wotsatira thuu, osabwereza, osabwerera m'mbuyo. Kenako tinadina chizindikiro china, ndipo pambali pa dangalo panaoneka kachithunzi ka kiyi. Anati kiyi imeneyo ikutanthauza kuti munthu kompyuta izimudziwira pa nambala imeneyi, ndipo anthu awiri sangakhale nayo imodzi.

Ine mwa chibwana changa ndinayesa kulembamo nambala yanga. Kompyuta inangolira kamodzi n'kukana. Ndinayesanso, inakananso. Mnzanga anaseka mpaka misozi, akuti chinthuchi n'chokanika kuposa apongozi ake aakazi.

Chovuta chinali kulowetsa anthu akale kuti aliyense agwere pa nambala yake yeniyeni. Poti kompyuta imapereka nambala motsatira mmene walowetsera, tinayenera kuyamba ndi wani weniweni, kenako thuu weniweni, mpaka kumapeto, osadumpha ndiponso osaphonya. Akuluakulu anakhala pa shedi kukumbutsana ndi kukangana mpaka anagwirizana dongosolo limodzi. Mnzanga ankawerenga mokweza, ine ndikutaipa. Titayenda pang'ono ndinaona kuti ndayamba kulemba munthu wolakwika, ndiye ndinafafaniza mzere wonsewo kuti ndiyambirenso. Polemba munthu woyenera uja, kompyuta inamupatsa nambala yotsatira. Ija ndinafafaniza inapita.

Ndinafunsa mphunzitsi uja kuti tiibweza bwanji. Anapukusa mutu. Anati nambala ikaperekedwa yaperekedwa, ukafafaniza mzere nambala imapita nawo, ndipo kompyuta siiperekanso kwa wina aliyense. Tinachita kugwetsa tebulo lonse n'kumanga lina, kusankhanso mtundu uja, kuikanso kiyi, n'kuyambira pa wani. Ulendo wachiwiri ndinkataipa mopuma pang'onopang'ono ngati ndasenza ndowa yodzaza. Nditafika pa dzina la atate ndinaona folo ikutulukira yokha kumanzere, ine osaikhudza, ndipo mtima wanga unadzaza.

Atate anabwera kudzaona. Polowa m'kachipindamo anavula chipewa, sindikudziwa ngati ankavulira ine kapena kompyuta. Anawerama n'kuyang'ana dzina lawo kwa nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati likhalabe pompo magetsi akazima. Nditawauza kuti likhalapo, anangoti chabwino, n'kutuluka. Madzulo ake ndinawamva akufotokozera a neba ngati kuti makinawo anawapanga ndi iwo.

Pa msonkhano waukulu wa kalabu anandiimika kuti ndifotokozere anthu. Ndinali wamng'ono, ndi pakamwa pothamanga, ndiponso ndinali nditavala diresi yatsopano. Ndinawauza kuti za makhadi onyowa zatha, kuti nambala tsopano ikupereka ndi kompyuta, ndipo palibe angaisinthe, kaya ine, kaya a tcheyamani, kaya mzungu amene anaibweretsa. Anthu anaomba m'manja. A tcheyamani anaomba kuposa onse.

Mkulu wina ndiye anafunsa funso limene ine ndinali ndisanaliganize. Kwathu munthu akamwalira malo ake satha. Pamakhala wina wa m'banjamo wolowa m'malo mwake, amene amatenga udindo wake ndi mpando wake pa misonkhano, ndipo mu kalabu ankatenganso khadi lake. Mkuluyo anafuna kudziwa ngati kompyuta ikuudziwa mwambo umenewu. Mphunzitsi uja anayankha kuti palibe vuto: nambala siyikhudzika, koma dzina limasinthika. Munthu akamwalira sufafaniza mzere wake, umangopita pa dzina n'kulembapo la wolowa m'malo. Onse anakhutira, nkhani inathera pomwepo.

Sipanapite nthawi tinauyesa mwambowo. Anamwalira a nambala thuu, akulu awo a a tcheyamani, ndipo analowa m'malo ndi mphwawo wina. Tsiku limenelo ndinamukhazika mnzanga pa mpando kuti achite yekha. Ndinamugwira dzanja, kumuonetsa podina pa dzina, kufufuta zilembo, kulemba zatsopano. Ndinamuonetsanso pamene sayenera kudina, m'mphepete mwenimweni mwa mzere, pamene ukadina mzere wonse umada bii kudikira kuti uuchotse. Ndinamukumbutsa za tebulo lija tinagwetsa. Iye anati ndisamuyese mwana, zimenezo akuzidziwa kale. Anachita bwinobwino, thuu inakhala pamalo pake ndi dzina latsopano, ndipo potuluka tinagula chimanga chowotcha n'kugawana.

Atate anadwala nyengo yotentha, chaka chotsatira. Sanagone nthawi yaitali. Tinawaika m'manda a mudzi womwewo, poti iwo eni ananena kale kuti kwawo ndi kumene kuli munda wawo. A tcheyamani analankhula pa maliro, nati atate anali mzati wa kalabu, njerwa zawo zilipo mpaka lero. Mnzanga sanachoke pambali panga masiku onse a maliro. Ankaphika, ankatunga madzi, ankawagwirira amayi kapu kuti amwe.

Maliro atatha, achibale a atate anati amayi apite ku Katete akasudzulidwe monga mwa mwambo, kuti akhale omasuka. Amayi sakanayenda okha, ndiye ndinapita nawo. Kiyi ya ofesi ndinamusiyira mnzanga. Ndinamuuza kuti pa folo alembepo dzina la amayi, poti mlongo wanga yekhayo anali ku migodi ndipo za munda analibe nazo ntchito. Anandigwira paphewa.

"Osavutika mtima, mwana. Yenda chabe, nizachita," anatero.

Za ku Katete zinatenga nthawi kuposa mmene tinkaganizira. Wina woyenera kukhalapo anali kutali, wina ankafuna ayambe wanyengereredwa, monga zimakhalira achibale akadziwa kuti mukuwadikira. Tinabwerera mitambo itayamba kale kusonkhana. Mbewu inalipo, atate anali ataisunga. Tinasosa munda, kutentha zinyalala, n'kumadikira.

Mvula inagwa yabwino, yolowa pansi. Kutacha tinamva thirakitala ikulira kwa nambala wani. Amayi anali atakonza kale munkoyo, chakumwa chija cha chimanga ndi mizu chimene timapatsa olima, chifukwa atate sankalola dalaivala kuchoka m'munda mwawo ndi ludzu. Tinkaitsatira ndi makutu, kwa wani, kwa thuu, kwa firii. Litafika tsiku lathu amayi anavala chitenje choyera, anasenza chigubu cha munkoyo, tinakaima kumutu kwa munda.

Thirakitala inatulukira pa kanjira, makasu ake ali m'mwamba. Inafika pamene tinaima, dalaivala anakweza dzanja kutipatsa moni, osatiyang'ana kumaso, n'kupitirira. Ndinaganiza kuti akukatembenukira kutsogolo. Sanatembenuke. Inatsika mpaka kwa nambala faifi, n'kutsitsa makasu kumeneko. Amayi anatula chigubu pansi. Anangokhala pa mzere wakale n'kumayang'ana mapazi awo.

Ine ndinathamangira thirakitalayo ngati wamisala, matope mpaka m'mawondo. Dalaivala anazimitsa injini n'kundiuza mwaulemu kuti iye amangotsata zimene amupatsa ku ofesi, ndipo chaka chino pambuyo pa firii pali faifi. Anati ndikafunse ku boma.

Ndinapita tsiku lomwelo, osasamba n'komwe. Ndinamupeza mnzanga atakhala pa mpando wanga. Atandiona anaimirira, kenako anakhalanso. Sindinamupatse moni. Ndinamukankhira pambali n'kutsegula tebulo. Firii, faifi. Ndinatsika mpaka pansi penipeni, ndipo dzina la amayi linali pamenepo, lomaliza, pa nambala yopitirira mazana awiri, pansi pa anyamata amene analowa kalabu dzulodzulo. Analilemba bwino, osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi.

Kunena zoona, ndinamupatsa mpata woti aname. Ndinkafuna ndi mtima wonse kuti anene kuti dzanja linaterereka, kuti magetsi anazima pakati, kuti anasokonezeka. Ndikanamutukwana, kenako tikanalira limodzi. Ndinamufunsa ngati analakwitsa.

"Sininalakwise," anatero, akuyang'ana pa kiyibodi.

Anafotokoza kuti komiti inakhala ife tili ku Katete. Inagamula kuti malo aja anapatsidwa kwa atate, osati kwa banja lawo, ndipo mwambo wolowa m'malo ndi wa anthu amene mizu yawo ili pompano. Amayi akafuna, alowe ngati membala watsopano. A tcheyamani anabwera okha ku ofesi, anaima kumbuyo kwake, n'kumuuza kuti achotse mzere wa atate.

Ndinamukumbutsa kuti apongozi akewo sadziwa ngakhale poyatsira kompyuta. Akanatha kuwauza kuti sizitheka, kapena kuti adikire ine. Akanatha kungosintha dzina, nkhani n'kudzakambidwa ife titabwera, nambala ilipo.

"Isanachotse imafunsa," ndinatero. "Imakufunsa kuti wasimikiza? Inakufunsa, iwe?"

"Inanifunsa."

"Ndiye unayankha chani?"

Anadzutsa mutu, ndipo m'maso mwake munalibe manyazi amene ndinkayembekezera.

"Iwe uli na sukulu, mawa uzapita ku Lusaka," anatero. "Ine nili pa chikwati pano. Nizankala na bantu aba mpaka kufa. Unafuna nikane ba tata-vyala banga, batate ba mwamuna wanga, pamenso, chifukwa cha iwe?"

Anawonjezera kuti ndizithokoza, chifukwa dzina la amayi analilowetsa yekha osauzidwa, kuti asatayikiretu. Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kuposa onse. Anachotsa atate anga, n'kumafuna ndimuthokoze chifukwa waika amayi kumchira. Ndinatsegula kabati kufuna disiki imene tinkakoperamo zonse kumapeto kwa sabata, ndikuganiza kuti tebulo lakale lilimo. Anali atakoperamo kale zatsopano pamwamba pake, sabata iliyonse, mokhulupirika, monga ndinamuphunzitsira. Mphunzitsi uja ntchito yake inali itatha kalekale ndipo sitinkadziwa kumene anapita.

Ndinakakamiza kuti pakhale msonkhano. Unachitika, pa shedi yomwe ija ya njerwa za atate. Sikuti onse anali mbali imodzi, ayi. Mkulu uja anafunsa za mwambo poyamba paja, amene anali mwini nthaka weniweni, anaimirira n'kunena kuti chachitikachi n'chonyansa, munthu waikidwa m'manda mwathu ndi wathu. Amayi ena anang'ung'udza movomereza. Ndinaona kuti zinthu zikhoza kutembenuka.

A tcheyamani anamvetsera zonse akugwedeza mutu mwachisoni. Anati mwina komiti inafulumira, iwonso mtima ukuwawawa, ndipo zikanakhala za makhadi akanalemba folo ndi dzanja lawo lero lomwe. Kenako anatembenukira kwa ine, akumwetulira.

"Manje mwana wanga, tiuze iwe wamene uziba. Nambala ija ingabwele?"

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinkafunitsitsa kunama, koma ndikanati ingabwere akanati ndiibweze, ndipo sindinkadziwa njira. Ndinati singabwere.

"Mwamvela mweka," anatero a tcheyamani. "Si ine, ni kompyuta. Mwana uyu anatiuza kudala kuti kulibe angachinje."

Wina anati bwanji dalaivala angouzidwa pakamwa kuti akachoka pa firii azipita kwa amayi. A tcheyamani anati tikayamba zimenezo ndiye kuti tabwerera ku makhadi onyowa, aliyense adzabwera ndi chifukwa chake. Wina anati tigwetse tebulo timange lina, monga ndinachitira poyamba. Apo ndi pamene ndinaona mmene anthu alili. Aliyense wa m'munsi mwa folo anali atasendera kutsogolo ndi malo amodzi, ndipo mvula inali ikugwa. Panalibe amene ankafuna kuti thirakitala iime podikira kuti mayina alembedwenso. Anayamba kuyang'ana kumwamba, ena kumadzuka kuti mbuzi zalowa m'munda. Msonkhano unatha wopanda wotseka.

Ndinatenga kiyi ya ofesi kwa mnzanga, n'kuiponya pa tebulo la a tcheyamani ndipo sindinalowemonso m'kachipinda kaja. Patapita zaka, ndikugwira ntchito ku Lusaka, munthu wina wodziwa makompyuta anandiuza kuti njira yobwezera nambala yotero inalipo, yongofuna kuidziwa. Anandionetsa, sizinatenge nthawi yomwera tiyi. Ndinatuluka panja kukakhala ndekha.

Chaka chimenecho tinalima ndi makasu, awiriwiri. Amayi anali ndi msana wovuta kale, ndipo ine manja anga anali atazolowera kiyibodi. Tinkayamba kusanatenthe mpaka dzuwa kutikanika, koma munda wa atate unali waukulu, wolimidwa ndi ng'ombe ndi thirakitala moyo wake wonse. Tinakwanitsa kachigawo ka kumtunda kokha, kouma, ka miyala. Chigawo cha kumunsi, cha dothi lakuda kufupi ndi dambo, chimene chinkatidyetsa, chinamera udzu ife tikuona. Thirakitala inatifika Khirisimasi itapita kale, udzu uli m'chiuno, chimanga cha anzathu chili m'mawondo. Amayi anauza dalaivala kuti asavutike kutsitsa makasu.

Tinakolola zochepa zoti sizikanatifikitsa ngakhale nyengo yozizira. Ndipo kwathu munda ukagona osalimidwa anthu amayamba kuuyang'ana. Chaka chisanathe akuluakulu a mudzi anabwera, mwaulemu wonse, kudzanena kuti poti chigawo cha kumunsi chikungokhala, pali mabanja achinyamata amene alibe polima. Anati amayi akadzapeza mphamvu adzakambirananso. Amene anapatsidwa anali mwamuna wa mnzanga. Sindinganene kuti zonsezi anazikonza kuyambira pachiyambi, chifukwa umboni ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chotsatira thirakitala inalima dothi lakuda lija mvula yoyamba isanaume.

Amayi sanakangane ndi munthu. Ine ndi amene ndinkayenda m'mudzi ngati nkhuku yolandidwa anapiye, osayankha moni, kutchalitchi kukhala benchi yakumbuyo kuti ndisaone msana wa mnzanga uja mu kwaya. Ndinkawakwiyira ngakhale amayi chifukwa cha kufatsa kwawo. Tsiku lina anangondiuza kuti alembera alongo awo ku Katete, ndipo avomera kuwapatsa kamunda kuseri kwa nyumba. Anati sangakhale pa khomo n'kumaonerera ena akukolola pamene amuna awo anagwetsa mitengo. Ine ndinali nditapeza kale malo otaipa ku Lusaka. Panyumba pathu panalibenso wotsala.

Tsiku lonyamuka tinakadikira basi ya kum'mawa pa boma, katundu ali m'masaka. Ndinaona mnzanga uja akubwera chapatali, mwana kumsana, kathumba ka nsawawa m'manja. Ndinatembenuka kuyang'ana kumsika. Iye anafika, anagwada pamaso pa amayi pa fumbi pomwepo, n'kupereka kathumbako ndi manja awiri. Amayi analandira. Ine ndinali pafupi kuwalanda kathumbako n'kukataya mu ngalande.

Kenako amayi anamugwira dzanja n'kuyamba kulankhula naye motsitsa mawu, koma ndinamva zonse.

"Mwana wanga, atate ako nawasiya kuno. Uyu apita ku tauni, ine sinidziwa ngati nizabweranso. Udzu ukamera pa manda paja, uzikalimirako."

Ndinawakoka chitenje. Ndinawafunsa, osasamala kuti iye akumva, ngati m'mudzi monse mwasowa munthu wina woti n'kumupempha zimenezo. Amayi anandiyang'ana ndi maso otopa.

"Nipemphe ndani? Iwe uzakhalapo?"

Basi inabwera, tinakweza masaka, amayi anakwera, ndipo sanabwererenso ku Chongwe mpaka imfa yawo.

Ine ndimapitako mwa apo ndi apo, mvula ikatha. Ndimatsika minibasi, ndimadutsa njira yakuseri kuti ndisaone munda wa kumunsi, ndimalowa kumanda ndi khasu langa lobwereka. Nthawi zonse ndimapeza palibe choti ndichite. Manda oyandikana nawo ali m'tchire, ena mitanda inagwa, koma a atate ndi olimiridwa bwino, m'mbali mosesedwa, dothi lokwezedwa pamene mvula inakokolola. Ndimaima pamenepo ndi khasu m'manja, wopanda ngakhale udzu umodzi woti ndizule pa manda a atate anga, ndipo ndimapsa mtima ngati tsiku lija la thirakitala. Anthu amandiuza kuti mnzanga uja amabwera yekha chaka chilichonse, ndipo sanadumphepo. Sindinapite kukamuthokoza, ndipo sindidzapita.